Mbalame za Quelea ndi Mbiri ya Ntchito Yoteteza Minda

Quelea ndi kambalame ka mlomo wofiira, kam'banja limodzi ndi atchete, kamene kamakhala m'madera a udzu ndi mitengo yaminga kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. M'litali ndi masentimita 12 okha, ndipo kulemera kwake kumayambira pa magalamu 15 kulekezera pa 26. Chimene kanatchuka nacho ndi unyinji. Akatswiri amayerekezera kuti nyengo yoswana ikangotha mbalamezi zimakwana 1.5 biliyoni, ndipo mwa mbalame zonse zam'tchire padziko lapansi palibe ina yochuluka chotere. Chakudya chake chenicheni ndi njere za udzu wam'thengo. Tsoka lake n'lakuti mapira, mchewere, mawere, mpunga ndi tirigu nazonso ndi njere za udzu, kungoti ndi udzu wochita kulima. Choncho mlimi ndi quelea akhala akulimbirana ngala imodzi kuyambira pamene anthu a mu Africa anayamba kudzala mbewu zimenezi.

Njira yamakedzana yotetezera munda inali kuingitsa. Mapira akangoyamba kuika njere, zikadali ndi mkaka, banja linkamanga nsanja pakati pa munda, ndipo ana ndi amayi ankalawirira m'bandakucha kukakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku, kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira apo. Zida zake zinali kukuwa, kugenda ndi zibuma, ndi zingwe zoyala pamwamba pa mbewu, zomangirira zikho ndi zigoba zoti zizisokosera munthu akakoka. Zitini ndi malegeni zinachita kubwera pambuyo. Olondera ankadziwa kuti mbalame zimavuta m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo dzuwa likamaswa mtengo zimakausa m'mitengo ya pafupi ndi madzi. Anyamata ankatcheranso ulimbo ndi misampha, poti mbalame yodya mapira nayonso ndi ndiwo. Koma kuingitsa sikuchepetsa mbalame, kumangozisamutsira m'munda wa mnzako. N'chifukwa chake m'madera ambiri anthu ankayesetsa kudzala nthawi imodzi kuti mbewu zichere pamodzi, chiwonongeko chigawikane, ndipo ena ankasankha mapira ofiira owawirako amene mbalame siziwakonda kwenikweni.

Chimanga chitafala n'kulanda malo a mapira ndi mchewere m'madera ambiri a kum'mwera kwa Africa, mwambowu unayamba kuzilala. Njere ya chimanga ndi yaikulu moti kamlomo ka quelea sikangaithe, komanso makoko amaiphimba. Sukulu nazo zinatenga ana amene ankaswera pansanja. Mwambowu udakali wamphamvu kumene mbewu za njere zing'onozing'ono zidakali moyo wa anthu, monga m'minda ya mapira ndi mchewere ya kuchigwa cha Shire, m'madambo a mpunga ozungulira nyanja ya Chilwa ndi a ku Karonga, komanso m'mayiko ouma a ku Sahel.

M'mabuku a sayansi mbalameyi inalowamo mu 1758, pamene Carl Linnaeus anailemba, ngakhale kuti anaphonya kwawo kwake poiyesa ya ku India. Patapita zaka ziwiri Mathurin Jacques Brisson analemba kuti imachokera ku Senegal. Kenako inagawidwa m'magulu atatu: la kumadzulo, kuyambira ku Senegal mpaka ku Chad, la kumpoto chakum'mawa, kuyambira ku Sudan mpaka ku Tanzania, ndi la kum'mwera, limene limapezeka ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Kwa zaka pafupifupi 200 chidwi cha azungu pa kambalameka chinangothera pa zikopa zake zosungidwa m'makabati ndi pa kukaweta m'zikwere ku Ulaya.

Zinthu zinasintha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Maboma achitsamunda anatsegula minda ikuluikulu yolimidwa ndi mathirakitala: mpunga wothirira ku Richard-Toll m'mbali mwa mtsinje wa Senegal, mapira m'zidikha za Gedaref ku Sudan, tirigu kumtunda kwa Kenya ndi Tanganyika. Munda wa mahekitala masauzande mwana wa pansanja sangaulondere. Madamu ndi ngalande nazo zinapatsa mbalame madzi akumwa m'malo amene kale ankakhala gwa chilimwe chonse. Apa m'pamene kuingitsa kunasanduka kupha, ndipo ntchito ya pabanja inakhala ya boma, yokhala ndi antchito ake, magalimoto ake ndi thumba lake la ndalama. Poyamba ankadalira moto. Ankatchera migolo ya mafuta ndi zophulitsira pansi pa mitengo imene mbalame zimagona n'kuiphulitsa usiku, kapena kutentha zisa ndi mfuti zolavula moto. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera ndege zopopera mankhwala, choyamba parathion, kenako fenthion, amene amagulitsidwa pa dzina la Queletox. Akatswiri a mayiko osiyanasiyana anakumana ku Dakar mu 1955, ku Livingstone mu 1957 ndi ku Bamako mu 1960 kuti akambirane za mbalame imodziyi. Mabungwe olimbana ndi dzombe anasenzanso ntchito ya quelea: OCLALAV kumadzulo, DLCO-EA kum'mawa, ndi IRLCO-CSA kuno kum'mwera. Lomalizali linakhazikitsidwa mu 1970 kulowa m'malo mwa bungwe lakale la dzombe lofiira la ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Likulu lake lili ku Ndola, ndipo Malawi ndi membala wake.

Cholinga cha zaka zimenezo chinali kuchepetsa mtundu wonsewo. Mbalame zinkafa mamiliyoni chaka ndi chaka, koma dzinja lotsatira zinkabwerera zili mbwee monga kale. Opopera ankadziwa kumene gulu lagona dzulo. Sankadziwa kumene lachokera, nthawi imene lidzabwerenso, ndi chimene chimauza mbalamezo kuti nyengo yomanga zisa yakwana.

Funso lomalizali linali lolimba. Ku Ulaya, kumene maphunziro a mbalame anakulira, kutalika kwa usana ndiko kumadzutsa thupi la mbalame kuti likonzekere kuswana. Pafupi ndi equator usana ndi usiku zimatalika mofanana pafupifupi chaka chonse, ndipo mvula ilibe tsiku. Ku Senegal, Gérard Morel anayamba kulemba mwatsatanetsatane zochitika m'midzi ya zisa. Ku Tanganyika, H. J. de S. Disney ndi A. J. Marshall anasunga quelea m'zikwere zikuluzikulu n'kumazipatsa zinthu zosiyanasiyana, ndipo mu 1957 analengeza kuti udzu wauwisi, umene yaimuna imalukira chisa, uli ndi gawo lalikulu poyambitsa kumanga ndi kuikira.

Amene analumikiza zonsezi anali Peter Ward wa ku Britain, yemwe anagwira ntchito kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria, pafupi ndi nyanja ya Chad. Njira yake inali yofuna khama: kutumbula mbalame mwezi ndi mwezi, kusanthula njere za m'chithokomiro mwake, kuyeza mafuta a m'thupi, ndi kuyerekeza zonsezo ndi kagwedwe ka mvula. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1965, ndipo mu 1971 anafotokoza maulendo a mbalamezi mu Africa yense. Chaka cha quelea, monga mmene iye ndi omutsatira anachionera, chimayenda motere.

M'chilimwe chakudya sichisowa. Udzu wa dzinja limodzi umauma n'kuyoyola njere zake pansi, ndipo mbalame zimatola m'magulu aakulu, zakumbuyo zikudumphira kutsogolo mosalekeza, moti gulu lonse limayenda mogubuduzika. Usiku zimagona pamodzi m'bango, m'nzimbe kapena m'ziyangoyango za minga. Pa nyengoyi yaimuna ndi yaikazi n'zovuta kusiyanitsa, zonse n'zotuwa, zamizeremizere, za milomo yofiira. Njala imabwera ndi mvula yoyamba. Chinyezi chikangokwanira, njere zonse zimamera nthawi imodzi, ndipo m'masiku owerengeka dziko limene linali nkhokwe limabiriwira koma osakhala ndi chotola, chifukwa udzu watsopanowo umatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ubale. Mbalame zimadya ngumbi ndi tizilombo tina, zimanona, kenako zimanyamuka. Njira yake ndi yoloza kumene mvulayo ikuchokera: zimaipyola n'kukatera kumene inayamba kugwa kale ndipo udzu wayamba kucha. Ku Nigeria ulendowu ndi wolowera kum'mwera, makilomita 300 mpaka 600. Kum'mwera kwa Africa mvula imayambira mbali ziwiri, cha ku KwaZulu-Natal ndi kum'mwera kwa Mozambique, ndi cha ku Angola, ndiye mbalame za m'katikati zimalowera kwina kwa mbali ziwirizi mvula ya mu Novembala ikafika.

Pa nthawi imeneyi m'pamene zimavala nthenga zoswanira. Kusintha kumeneku n'kwa mbali chabe: nthenga za kumutu ndi za pathupi zimathothoka n'kumera zina, za m'mapiko osakhudzidwa. Yaimuna imatuluka ndi nkhope yakuda, ina yoyera, yozunguliridwa ndi chikasu, kufiirira kapena pinki, ndipo mlomo wa yaikazi umasiya kufiira n'kukhala wachikasu. Kusiyana kwa nkhopezi kunasokoneza olemba akale, moti zankhope yoyera anaziyesa mtundu wina wa mbalame. James Dale, atazifufuza ku Zimbabwe, analemba mu 2000 kuti maonekedwe a nthengazi sasonyeza thanzi kapena mphamvu za yaimunayo. Zikuoneka kuti amangothandiza zoyandikana zisa kuzindikirana pakati pa khamu.

Zikatero zimatembenuka n'kumatsata mvula kubwerera kumene zinachokera. Paliponse pamene zapeza udzu wauwisi wolukira, mbozi ndi ziwala zodyetsa ana, ndi njere zanthete, zimamanga mudzi. Chodabwitsa ndi liwiro lake. Yaimuna imaluka chisa m'masiku awiri kapena atatu. Yaikazi kawirikawiri imaikira mazira atatu, a buluu wotuwa, nthawi zina chisa chisanathe n'komwe. Masana onse awiri amasinthana kufungatira, usiku ndi yaikazi yokha. Mazira amaswa pakatha masiku 9 kapena 10, ndipo zisa pafupifupi zonse za m'mudzimo zimaswera limodzi, m'masiku ochepa omwewo. Ana amadyetsedwa tizilombo poyamba, kenako njere, ndipo amatuluka m'chisa pakatha masabata awiri. Kuchokera pa udzu woyamba kulukidwa mpaka ana kuyamba kudzitolera okha, pamadutsa masabata 5 kapena 6 basi. Mtengo umodzi ukhoza kusenza zisa masauzande angapo, ndipo ku Malilangwe ku Zimbabwe kunapezekapo mudzi wa makilomita 20 m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi. Adokowe, akabawi, njoka ngakhalenso anthu amakhamukira pamalo otere, koma poti zonse zimachitika nthawi imodzi, adaniwo amakhuta atangodyako kagawo kochepa.

Ward anaonanso kuti zazikazi zina zimayamba kukhwimitsa mazira atsopano m'mimba zikadali kudyetsa ana oyamba. Iye anati makolo amasiya anawo n'kupitirira kukamanga mudzi wina kumene mvula inachedwa. Mu 1976 iye ndi Peter Jones, amene anagwirapo ntchito ku Botswana, anasonyeza kuti chimene chimalola yaikazi kuikira ndi mnofu wa pachifuwa. Minofu youlukira imasunga mapuloteni, amene amatsika kwambiri mbalame ikamapanga mazira, ndipo kuchuluka kwake ndiko kumalamula nthawi yoikira ndi chiwerengero cha mazirawo. Umboni wooneka ndi maso wa kuswana kwa paulendoku unachokera ku Ethiopia. Kumeneko Michael Jaeger ndi anzake anapopera ufa wonyezimira pa mbalame za m'midzi ina ya zisa, n'kudzazipezanso zikuswana kwina m'chigwa cha Rift Valley nyengo yomweyo, ndipo anasindikiza zimenezi mu 1986.

Kuswana kukatha kumabwera kuthothoka kwakukulu, kwa nthenga zonse, za m'mapiko ndi za kumchira zomwe. Nthenga ikamera siikonzekanso. Dzuwa, minga ndi maulendo zimaiperepesa, ndipo njira yokhayo ndi kuitaya n'kumeretsa ina. Nthenga zazitali za kunsonga, zimene zooneka bwino zilipo 9 pa phiko lililonse, zimathothoka imodziimodzi kuyambira yam'kati kupita kunja, mapiko onse awiri mofanana, kuti mbalame isaleke kuuluka. Kumeretsa nthenga kumadya mapuloteni omwe aja amene mazira amafuna, n'chifukwa chake ntchito ziwirizi kawirikawiri zimapatsana mpata. Koma quelea ili ndi kachenjeredwe kake. Ikayamba kuthothoka kenako n'kupeza malo abwino oswanira, imatha kuimitsa kuthothokako pakati n'kudzapitiriza ikamaliza kulera. Wofufuza akagwira mbalame pachisa, n'kutambasula phiko, n'kupeza nthenga ziwiri kapena zitatu zam'kati zili zatsopano, zotsalazo zakale, popanda ina imene ikumera, amakhala ndi chizindikiro chakuti imeneyo inaswapo kale kwina chaka chomwecho. Ana nawo amasintha nthenga akafika miyezi iwiri kapena itatu, choncho phiko limaululanso msinkhu wa mbalame. Powerengera chammbuyo, munthu angadziwe mwezi umene inaswedwa, ndipo akayang'ana kaundula wa mvula angaganizire dera limene yachokera.

Ntchito yowerenga mapikoyi inapindula kwambiri ndi anthu oveka mbalame mphete kumwendo, ambiri mwa iwo ongodzipereka. Ku South Africa ntchitoyi inayamba mu 1948, ndipo zolemba zake zimasungidwa ku yunivesite ya Cape Town. Mu 1988 Les Underhill ndi Walter Zucchini anakonza njira ya masamu yodziwira tsiku loyamba ndi kutalika kwa kuthothoka kuchokera pa mapiko a mbalame zambiri zogwidwa kamodzikamodzi. Dieter Oschadleus ndi Underhill ataigwiritsa ntchito pa quelea, anapeza mu 2008 kuti za ku Eastern Cape zimayamba kumayambiriro kwa Epulo n'kutenga masiku 124, za ku Gauteng chakumapeto kwa Epulo n'kutenga masiku 101, pamene za ku Namibia ndi Botswana zimayamba chakumapeto kwa Meyi n'kutenga masiku 75 ndi 83. Zonsezi zimamaliza mu Ogasiti. Zochedwa kuyamba zimachita changu, ndipo pofika miyezi imene njere zimachepa komanso nthawi ya ulendo wa mvula yoyamba, mbalame za chigawo chonse zimakhala zili ndi mapiko atsopano.

Kudziwika kwa kayendedwe ka chaka kameneka kunagwedeza maziko a nkhondo yofuna kutha mtundu. Ward ananena kuti chimene chimadula chiwerengero cha quelea ndi njala ya kumayambiriro kwa mvula. Zambiri mwa mbalame zophedwa m'chilimwe zikanafabe ndi njalayo, ndipo kuzipha kumangosiyira zotsala chakudya chochuluka. Mbalame yotha kuswa kawiri kapena katatu pa dzinja limodzi imabweza mwamsanga zimene yataya. Zinadziwikanso kuti magulu ambiri sakhudza munda n'komwe malinga njere zam'thengo zilipo. Owononga kwambiri ndi ana ongotuluka m'zisa, osiyidwa ndi makolo pafupi ndi minda pa nthawi imene mapira akucha, ndi magulu a m'chilimwe amene amapeza mbewu yothirira ili yokhayokha pakati pa dziko louma, monga tirigu wa nyengo yozizira wa ku Zimbabwe, amene amacha mu Seputembala ndi Okutobala. Mu 1979 Ward analemba kuti kupha kuzichitika pokhapokha gulu lodziwika likuopseza mbewu yodziwika. Chaka chomwecho Clive Elliott anasonyeza, pa mpunga wothirira wa kumalire a Chad ndi Cameroon, kuti mbewu ikadzalidwa moti iche pa nthawi imene mbalame zachokako, chiwonongeko chimatsika popanda kupopera. Buku la 1989 limene Elliott anakonza ndi Richard Bruggers, lotchedwa Quelea quelea: Africa's Bird Pest, linasonkhanitsa zimene zinadziwika pofika nthawiyo, ndipo mu 2007 Robert Cheke, Jon Venn ndi Peter Jones anafalitsa njira yolosera madera a kum'mwera kwa Africa kumene mbalame zingamange midzi, potengera mvula yoyezedwa ndi masetilaiti.

Malangizowa sanatsatidwe mofanana ponseponse, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mlimi amene mpunga wake ukutha akuona amafuna ndege lero lomwe, ndipo wandale sangalimbe mtima kumuuza kuti gululo likanafa lokha mu Novembala. Kupopera kukupitirirabe, masiku ano mwinanso ndi madroni. Fenthion sasankha: amapha mbalame zina zogona malo omwewo, ndiponso akabawi, akadzidzi ndi nyama zimene zimadya mitembo, komanso amaika pachiswe anthu otola mbalame zakufazo kuti akadye. Mu Januwale 2023, boma la Kenya litayamba ntchito yopha quelea zokwana 6 miliyoni m'minda ya mpunga ya ku Kisumu, pa nthawi imene chilala chinali chitachepetsa njere zam'thengo, oteteza zachilengedwe anadandaula kwambiri za mankhwala omwewa.

Pambali pa ndegezo, ntchito yakale yogwira mbalame kuti zikhale ndiwo inakula n'kukhala malonda. Kuzungulira nyanja ya Chad, alenje a mtundu wa Hadjerai amalowa m'malo ogona mbalame usiku wopanda mwezi atanyamula maukonde a m'manja, ndipo kutacha amazisosola, kuzikazinga, kuziyanika n'kupita nazo kumsika. Wim Mullié, amene anafufuza malondawa, anayerekezera kuti quelea 5 mpaka 10 miliyoni zinkagwidwa chaka chilichonse pafupi ndi mzinda wa N'Djamena. M'boma la Kondoa ku Tanzania alimi amaluka misampha ya udzu, n'kuitchera ndi nyambo ya mbewu, ndipo imagwira mbalame mazanamazana pa tsiku. Poyerekeza ndi 1.5 biliyoni, zogwidwa m'njira zimenezi n'zochepa, moti sizisintha chiwerengero cha mtunduwo, koma banja limene lataya gawo la mapira ake limapezapo nyama ndi ndalama. Kupopera ndi kugwira mbalame za ndiwo sikuyendera limodzi, chifukwa malo opoperedwa fenthion mbalame zake siziyeneranso kudyedwa, ndipo m'mayiko angapo akatswiri a zaulimi akuyesa maukonde aakulu ogwirira mbalame zambiri nthawi imodzi kuti alowe m'malo mwa mankhwala pamene malo ogona ali pafupi ndi midzi ya anthu ndi madzi akumwa.